Mafunso Anu: Wufa Yanji Ingayendere Limodzi ndi Honi Yakale?

Makalata a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi: mabokosi akale a masipika omwe honi yake (sipika yooneka ngati lipenga, yotulutsa mawu akumwamba) ikadali yamoyo, koma wufa (sipika yaikulu yotulutsa mawu apansi) inapsa, inang'ambika kapena inachotsedwa kalekale. Mafunso ena tawafupikitsa.

Kutchalitchi kwathu kuli mabokosi awiri akuluakulu olembedwa Altec, pamwamba pali mahoni achitsulo olembedwa 811B. Mawufa munalibe. Tinagula ma subwoofer a m'galimoto a mainchi 15, a mawati 2000, koma kukungomveka honi yolasa m'makutu, ndipo mawu a mlaliki ndi opyapyala. Talakwitsa pati? Mkulu wa mpingo, Zomba

Bambo, mabokosi amenewo muwasamale. Ngati kutsogolo kwake kuli matabwa awiri opindika olowa m'kati mpaka pokhala wufa, ndipo kumunsi kuli mpata wotulukira mpweya, muli ndi Altec A7, a m'gulu lomwe kampaniyo inkalitcha Voice of the Theatre. Anawapangira nyumba zoonetsera kanema ku America m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene ampulifaya ya mawati 30 inkaoneka yaikulu. Chilichonse cha m'bokosimo anachikonza kuti chizikweza mawu ndi magetsi ochepa. Wufa ya m'galimoto anaipangira ntchito yosemphana ndi imeneyi.

Mawati olembedwa pakatoni amangonena moto umene koyilo (waya wokulungidwa woyendetsa pepala la sipika) ingapirire isanapse. Nambala yoti muziyang'ana ndi sensitivity, yomwe imanena kukwera kwa mawu sipika ikapatsidwa wati imodzi, woyeza ataima mita imodzi kuchokera pasipikapo. Driver (kasipika komangidwa kumbuyo kwa honi) ya pa honi ngati yanuyo imafika cha m'ma 105 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu). Wufa yomwe Altec ankaika m'bokosimo, ya nambala 416, imafika cha m'ma 97 dB, ndipo matabwa opindika aja amaiwonjezera ma dB angapo pa mawu apakati. Ma subwoofer ambiri a m'galimoto amathera pakati pa 84 ndi 88 dB. Kusiyana kwa 10 dB kumafuna mawati ochuluka kakhumi, kwa 20 dB ka 100. Ndiye honi ikamadya wati imodzi, wufa yanu ikufuna pafupifupi mawati 100 kuti ingofanana nayo. Mwamanga nkhunzi ndi thole pagoli limodzi.

Vuto lachiwiri ndi kulemera. Pepala la wufa yakale ya mtundu umenewu, pamodzi ndi koyilo yake, silifika magalamu 80. La subwoofer limapitirira magalamu 200, ndipo koyilo yake ndi yaitali, ya waya wambiri, moti imatsekereza mawu okwera. Ikadutsa cha m'ma 200 Hz (Hz yochepa ndi mawu apansi a bezi, yambiri ndi mawu akumwamba) imayamba kufooka, pamene honi ya 811B imayambira pa 800 Hz. Pakati pa manambala awiriwa m'pamene pali thupi la mawu a munthu. N'chifukwa chake abusa akumveka ngati akulankhulira m'mphuno.

Funani wufa ya mainchi 15 ya masipika a pamisonkhano, yomwe ogulitsa amaitcha mid-bass, osati sub. Ikhale ya 97 dB kapena kuposa, ya pepala lenileni, yokhala ndi m'mphepete mwa nsalu yopindapinda, osati mphira wonenepa. Papepala la manambala ake onani kuti Mms (kulemera kwa pepala ndi koyilo) isapitirire magalamu 100, Qts (momwe maginito amagwirira pepalalo) ikhale pansi pa 0.35, Le (momwe koyilo imatsekerezera mawu akumwamba) ikhale cha pa 1 mH kapena kucheperapo, ndipo mzere wa mawu ake ufike 1500 Hz usanayambe kudumphadumpha. Makampani monga Eminence, Beyma, B&C, RCF ndi Celestion amafalitsa manambala amenewa. Wufa yopanda pepala la manambala, yongolembedwa mawati masauzande, muziikayikira. Ngati palibe kuchitira mwina, pemphani wogulitsa alumikize ziwiri mosinthanasinthana pa ampulifaya imodzi, voliyumu osaikhudza, muike mawu a munthu akuwerenga nkhani. Yomwe ikumveka mokweza ndi momveka bwino ndiyo yanu, ngakhale maginito ake ataoneka ochepa.

Musanapereke ndalama, yezani bowo ndi mipata ya mabawuti. M'mabokosi amenewa wufa imalowera kumbuyo, ndipo mawufa ena a Altec a zaka zotsatira anali ndi chimango cha mainchi 16. Musayembekezerenso bezi yogwedeza malata, chifukwa A7 imafooka ikatsika cha m'ma 50 Hz. Ma subwoofer munagula aja apangireni bokosi lawolawo ndi ampulifaya yakeyake, azigwira ntchito pansi pa 80 Hz pothandiza kiyibodi. Kumeneko ndiye kwawo.

Ndili ndi mabokosi akale okhala ndi mahoni a driver ya khosi (bowo lotulutsira mawu kulowa m'honi) la inchi imodzi. Malo alipo, ndipo kalipentala akuti angakulitse bowo kuti mulowe wufa ya mainchi 18, bezi izigunda pachifuwa. Ndivomere? Wowerenga wa ku Limbe

Ayi achimwene, bowolo lisiyeni. Kukula kwa wufa amalamula ndi honi, ndipo funso loyamba n'lakuti honi yanu ingatsike kufika pati. Altec anapeputsa ntchitoyi poika yankho m'nambala: 511B ndi ya 500 Hz, 811B ndi ya 800 Hz. Pakamwa pa 511B m'potambalala pafupifupi masentimita 60, pa 811B pafupifupi 47. Honi yopanda dzina, ya pakamwa posafika masentimita 25, musaitsitse pansi pa 1500 Hz. Mukaitsitsa kuposa malire ake, mpweya wa m'honi umaleka kugwira diaphragm (kachimbale kopyapyala ka aluminiyamu konjenjemera m'kati mwa driver), ndipo diaphragm imayamba kuyenda mopitirira. Mpata umene ili nawo kutsogolo kwake sufika milimita imodzi. Imagunda chitsulo, kumveka kukhetheka, kenako aluminiyamu ija imasweka m'mphepete.

Wufa nayo ili ndi malire ake akumwamba. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, choncho kutalika kwa funde lake mumakupeza pogawa 343 ndi nambala ya Hz: pa 500 Hz ndi masentimita 69, pa 1000 Hz ndi 34. Funde likafupika kufanana ndi kutambalala kwa pepala, wufa imakhala ikumwaza mawu madigiri pafupifupi 90. Likafupikirapo, mawu amangolunjika kutsogolo, okhala m'mbali n'kumamva pang'ono. Mahoni a 511B ndi 811B amamwaza madigiri 90 m'mbali ndi 40 m'mwamba, ndiye malo abwino opatsirana ntchito ndi pomwe wufa isanapyole madigiri 90 amenewo. Pepala la wufa ya mainchi 15 limatambalala masentimita pafupifupi 33, malire ake ndi cha pa 1000 Hz. La mainchi 12 ndi masentimita 26, cha pa 1300 Hz. La mainchi 10 limafika cha pa 1600 Hz.

Pamasamu okha, ya mainchi 18 ikanafika pafupi ndi 900 Hz, koma zambiri zimapangidwa ndi pepala lolemera ndi koyilo yaikulu, moti zikadutsa 400 Hz mawu ake amayamba kuda. Ikufuna sipika yachitatu pakati pake ndi honi. Driver yanu ya inchi imodzi iyendere limodzi ndi wufa ya mainchi 15 ngati honi ndi yaikulu, kapena ya mainchi 12 ngati honi ndi yaing'ono. Kupatsirana pa 500 Hz mokweza n'kwa ma driver akuluakulu monga Altec 288, ya khosi la mainchi 1.4, kapena JBL 2440, ya khosi la mainchi 2 ndi diaphragm ya mainchi 4. Driver ya inchi imodzi imapirira 500 Hz pa 511B m'chipinda chochezera. Mukatuluka nayo kuukwati, kwezani crossover (chida chogawa mawu pakati pa wufa ndi honi) ifike 1000 kapena 1200 Hz, apo ayi mubwera nayo itafa.

Ndagula mabokosi akale kuno. Crossover yalembedwa 800 Hz, 16 ohm, driver ya honi nayonso ndi ya 16 ohm. M'masitolo mukungopezeka mawufa a 8 ohm. Ndingangolumikiza? Kapena ndiwonjezere rezisita ya 8 ohm kuti zikwane 16? Mmalawi wa ku Johannesburg

Yambani mwayeza ndi mita zomwe muli nazo, chifukwa zolembedwa zimanama ngati wina anasinthapo koyilo kapena diaphragm. Sipika ya 4 ohm imawerenga cha pa 3 ndi theka, ya 8 ohm pakati pa 5 ndi 6.5, ya 16 ohm pakati pa 10 ndi 13.

Kungolumikiza sikuwotcha kanthu, koma kumasokoneza mawu. Crossover zambiri zakale zili ndi koyilo imodzi ndi kapasita imodzi kumbali ya wufa. Pa crossover yotere, wufa yoyenera imakhala itatsika ndi 3 dB pofika pa 800 Hz. Mukaika ya 8 ohm pamalo a ya 16, imatsika ndi 9 dB pamalo omwewo, ndipo kufookako kumayambira kutali kumunsi, mawu apakati n'kukumbika. Mukachita mosemphanitsa, ya 16 ohm pa crossover ya 8, pamatuluka chotupa cha 3 dB pafupi ndi 800 Hz, mawu n'kumamveka ofuula.

Za rezisita zija iwalani. Theka la mphamvu ya ampulifaya lingathere m'kutenthetsa rezisitayo, komanso ampulifaya singathenso kugwira pepala kuti liime msanga. Qts imakwera pafupifupi kawiri, bezi n'kukhala yongong'ung'udza. Ngati bokosi lili ndi mabowo awiri a mawufa, awiri ofanana a 8 ohm olumikizidwa motsatizana amapereka 16 ohm, nkhani yatha. Ngati bowo ndi limodzi, konzani mbali ya wufa yokha ya crossover. Masamu a m'buku a 800 Hz amati: pa 16 ohm, koyilo ya 4.5 mH ndi kapasita ya 8.8 µF, pa 8 ohm, koyilo ya 2.25 mH ndi kapasita ya 17.6 µF, yomwe mungaike ya 18. Makampani ankapatukako pang'ono pa manambala amenewa, koma lamulo ndi lomwelo: koyilo ichepe ndi theka, kapasita ikule kawiri. Kapasita mumaikulitsa poika ina yofanana nayo pambali pake, miyendo kumiyendo. Koyilo mumaichepetsa pomasula waya, koma osati theka la waya wonse. Mukachotsa mizere itatu pa khumi iliyonse mwafika kale pafupi ndi theka, ndipo ndi bwino kumasula mukuyeza ndi mita yowerenga mH.

Makapasita a zaka 50 amakhala atasuntha pa nambala yake, asintheni onse. Gwiritsani opanda mbali ya + ndi −, a mavoti 100 kapena kuposa. Makapasita oyendetsera mota za mapampu a madzi ndi makina oziziritsira m'nyumba, olembedwa motor run, amagwira bwino ntchitoyi ndipo savuta kupeza. Olembedwa motor start ndi mtundu wina, musawaike.

Chotsala ndi kutsitsa honi kuti ifanane ndi wufa. Izi zimachitika ndi marezisita awiri pakati pa crossover ndi driver: imodzi panjira ya waya, ina yodutsa pamiyendo iwiri ya driver. Pa driver ya 16 ohm, kutsitsa ndi 6 dB kumafuna 8 ohm panjira ndi 16 ohm yodutsa. Kutsitsa ndi 10 dB kumafuna 11 ndi 7.5. Pa driver ya 8 ohm gawani manambalawa pakati: 4 ndi 8, kapena 5.6 ndi 3.9 mwa zomwe zimapezeka m'sitolo. Akhale marezisita oyera aja a mawati 10 kapena 20. Kumbukirani kuti wufa ya 8 ohm imakoka mphamvu kawiri kuposa ya 16 pa voliyumu imodzimodzi, ndiye imamveka mokwererapo ndi 3 dB, ndipo honi simudzaitsitsa kwambiri monga zinalili kale. Msampha womwewu uli m'mapepala a manambala: ena amayeza pa wati imodzi, ena pa mavoti 2.83. Ziwirizi zimafanana pa 8 ohm pokha. Pa 4 ohm, mavoti 2.83 ndi mawati awiri, ndipo sipika imaoneka yokwera ndi 3 dB yomwe ilibe.

Bokosi langa lilibe dzina. M'kati ndi masentimita 90 m'litali, 55 m'lifupi, 40 kulowa m'kati. Lili ndi bowo la wufa ya mainchi 15, bowo lina lotulukira mpweya, ndi honi pamwamba. Ndidziwa bwanji wufa yolikwanira? Mayi woimba kwaya, Chipata

Mayi, mwachita bwino kuyeza m'kati, ambiri amayeza kunja. Chulukitsani 90 ndi 55 ndi 40, mugawe ndi 1000, mupeza malita 198. Chotsanipo gawo limodzi mwa khumi la maginito, mitanda ndi mapaipi, patsala malita pafupifupi 180.

Manambala atatu a wufa ndiwo amanena za bokosi. Fs ndi pomwe pepala limanjenjemera lokha mosavuta, Vas ndi kufewa kwake koyezedwa m'malita, Qts ndi momwe maginito amaligwirira. Njira yowerengera imeneyi inachokera ku Australia: Neville Thiele anailemba mu 1961, Richard Small n'kuikulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mabokosi ambiri opangidwa izi zisanafale ali ndi bowo lalikulu lopanda paipi, lomwe ankangoliyerekeza ndi wufa ya nthawi imeneyo. Choncho musadabwe kuti bowo la mpweyalo lidzafuna kusinthidwa.

Poyambira pabwino ndi apa. Wufa ya Qts 0.25 imafuna bokosi lopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a Vas yake, lotchunidwa pa Fs kuchulukitsa ndi 1.45. Ya 0.30 imafuna pafupifupi theka la Vas, pa Fs kuchulukitsa ndi 1.25. Ya 0.35 imafuna magawo atatu mwa anayi, pamwamba pang'ono pa Fs. Ya 0.40 imafuna bokosi lofanana ndi Vas, pa Fs pomwepo. Ndiye malita anu 180 akuyenera wufa ya Qts 0.35 ndi Vas cha pa malita 240, kapena ya Qts 0.30 ndi Vas cha pa 380. Mawufa ambiri amasiku ano ndi olimba, a Vas yochepa, opangidwira mabokosi ang'onoang'ono onyamulika. JBL 2226H, mwachitsanzo, ili ndi Fs 40 Hz, Qts 0.31, Vas malita 175 ndi 97 dB. Pamasamuwa ikufuna malita 90 okha. M'bokosi lanu ingaimbe ndithu, koma bezi yapakati idzamveka yoonda, kenako n'kutukumuka pomwe paipi yatchunidwa. Mankhwala ake ndi osavuta: dulani malo m'kati ndi thabwa lomata bwino, kapena mangiriranimo zipika zamatabwa mpaka malita atsike. Yomwe ilibe mankhwala ndi wufa ya Qts yoposa 0.5. Imeneyo imangogunda liwu limodzi ngakhale woimba bezi akusintha manotsi.

Pali chinthu choti muvomereze musanagule. Bokosi laling'ono, bezi yakuya ndi kukwera kwa mawu sizipezeka zonse zitatu pamodzi, amasankha ziwiri. JBL 2235H imatsika kwambiri, Fs yake ndi 20 Hz, koma pepala lake ndi la magalamu 155 ndipo imathera pa 93 dB. Pa kwaya, komwe chofunika ndi mawu a anthu, ife tingatenge yokwera n'kusiya yakuya.

Tinene kuti mwapeza wufa yofuna 40 Hz m'malita 180. Tsekani bowo lakale ndi pulayiwudi ya mamilimita 18, muboolepo mabowo awiri a paipi ya PVC ya mamilimita 110, yomwe m'kati mwake ndi masentimita 10 ndi pang'ono. Masamu akupereka masentimita 9 kapena 10 paipi iliyonse, koma dulani a 13 kuti muzifupikitsa poyesa. Kufupikitsa kumakweza Hz, kutalikitsa kumatsitsa. Poyesa, gonekani bokosi chagada, ikani timbewu ta mpunga papepala, tsegulani pulogalamu ya pafoni yotulutsa liwu limodzi, muziyenda pang'onopang'ono kuchokera pa 70 Hz kutsika mpaka 25, voliyumu ili pansi. Pomwe mpunga wadekha koma m'mapaipi mukutuluka mphepo yambiri m'pomwe bokosi latchunidwa. Amene ali ndi kompyuta angayeserenso zonsezi pa pulogalamu yaulere ya WinISD asanadule kanthu.

Matabwa akale amakhala ndi ming'alu, ena chiswe chinalowamo. Mpweya ukamathawira m'ming'alu masamu onsewa amagwa, ndiye matani ngodya zonse ndi guluu wa matabwa, ndipo ikani mtanda wolumikiza mbali ziwiri zazikulu. Kutalika kwa masentimita 90 kumabweretsa mkokomo cha pa 190 Hz. Khomerani bulangete lochindikala masentimita atatu kapena asanu kumbuyo, pamwamba ndi mbali imodzi, koma pakamwa pa mapaipi pakhale poyera.

Ndapeza Klipsch La Scala ziwiri, imodzi wufa yake ndi yakufa. Mnzanga ali ndi wufa yamakono ya mainchi 15, 8 ohm, yamphamvu kuposa yakaleyo. Ilowe? Wowerenga wa ku Leicester

La Scala, yomwe kampani ya Paul Klipsch ya ku Hope, Arkansas, inatulutsa mu 1963, si bokosi wamba. Wufa siioneka, imakhala m'kachipinda kotseka n'kumaponyera mawu m'honi yathabwa yopindidwa, ndipo iyenera kufika cha pa 400 Hz pomwe honi yapakati imalandirira. Wufa yake, K-33, ndi ya 4 ohm. Mukaika ya 8 ohm, bezi itsika ndi pafupifupi 3 dB, ndipo sipika yomwe kale imadziwika ndi bezi yochepa idzangotsala yofuula. Bokosi limodzi likakhala ndi K-33, lina ndi yamakono, mawu adzapendekera mbali imodzi. Funani K-33 ina kapena yopangidwa motengera iyo. Zikakanika, gulani ziwiri zofanana za 4 ohm musinthe mbali zonse.

Poyerekeza mawufa a m'honi, chulukitsani Fs kawiri mugawe ndi Qts. Yankho lake ndi pomwe kulemera kwa pepala kumayamba kudula mawu. Ya Fs 40 ndi Qts 0.2 imapereka 400 Hz, ya Fs 25 ndi Qts 0.5 imapereka 100 Hz basi. Nambalayi ndi yoyerekezera chabe, pakuti K-33 yeniyeniyo siifika 400 pamasamuwa koma m'bokosi lake imakwanitsa. Komabe imakuthandizani kukana ma sub olemera msanga.

Yezani kuya kwa kachipindako, chifukwa maginito aakulu sakwanamo. Onaninso kutsogolo: wufa imatsamira pathabwa lokhala ndi kampata kakang'ono, ndipo yoyenda kwambiri imagunditsa m'mphepete mwake pathabwalo. Pamafunika gasiketi yochindikala. Chitseko cha kachipindako chitsekeke osatulutsa mpweya ngakhale pang'ono. Ndipo palibe wufa yomwe ingatsitse La Scala pansi kwenikweni pa 50 Hz. Funde la 50 Hz ndi lotalika pafupifupi mamita 7, honi ya m'bokosimo ndi yaifupi.

Makoswe anadya mapepala a mawufa anga awiri a JBL D130. Wokonza masipika akuti aika pepala ndi koyilo zomwe ali nazo. Ndilole, kapena ndigule atsopano? Bambo wa ku Mzuzu

Chimango ndi maginito a D130 n'zamtengo kuposa mawufa ambiri atsopano, musazitaye. Koma dziwani kuti wufa ikavekedwa pepala lina imakhala wufa ina. D130 ili ndi koyilo ya mainchi 4 ya waya wa aluminiyamu wophwatalala, wokulungidwa choimika, yoyenda mumpata wopapatiza kwambiri. Koyilo ya waya wamkuwa wobulungira imalemera ndipo siidzaza mpatawo mofanana, choncho mawu amatsika ndipo akumwamba amasowa, omwe ndi amene honi ikuwadikira. Itanitsani zida zopangidwira D130, ziwiri zofanana, mum'patse wokonzayo kuti aike. Muonetsetse kuti wayeretsa mpata ndi tepi yomata mpaka tizitsulo tonse tatha, komanso kuti waika timapepala toimikira koyilo pakati guluu asanaume. Ngati pangong'ambika pang'ono, pepala lonse lisachotsedwe: chigamba cha tishu chonyowetsedwa ndi guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, mbali zonse ziwiri, chimakwanira.

Maginito a masipika amenewa ndi a alnico, osakaniza aluminiyamu, nickel ndi cobalt. Nkhondo ya ku Kolwezi mu 1978, m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Zaire, inakweza mtengo wa cobalt kwambiri, ndipo makampani monga JBL ndi Altec anasamukira ku maginito akuda aja a ferrite. Alnico ili ndi chofooka chimodzi: ikamenyedwa ndi ampulifaya yaikulu imatha kutaya gawo la mphamvu yake. Zizindikiro zake ndi wufa yotsika mawu poyerekeza ndi inzake, bezi yolobodoka. Amaibwezeretsa ndi makina apadera odzazira maginito, osati ndi batire. Wokonza asamasule zitsulo za maginitowo kuti aone m'kati, akatero mphamvu imathawa.

Ndatsatira zonse, wufa ndi honi zikukwera mofanana, koma mawu a munthu akumveka ngati ali ndi dzenje pakati. Wowerenga wa ku Tete

Mwina wufa ndi honi zikukankha mosemphana pomwe zikukumana. Chotsani waya wa wufa, mugunditse batire la tochi la mavoti 1.5 pamiyendo yake. Pepala likatulukira kunja, mwendo womwe wakhudza + ya batire ndiwo +. Musadalire utoto: pa ma JBL akale, + ikapita kofiira pepala limalowa m'kati, mosiyana ndi makampani ambiri. Mabokosi onse awiri ayende mofanana. Driver ya honi musaiyese ndi batire, simudzaona kanthu ndipo mungaiwononge.

Mbali ya honi mumaipeza ndi khutu kapena ndi pulogalamu ya pafoni yoyeza phokoso. Ikani liwu la nambala ya crossover yanu, tinene 800 Hz, motsitsa. Imani mamita awiri kutsogolo, foni ili pakati pa honi ndi wufa, muwerenge. Sinthanitsani mawaya awiri a driver, muwerengenso. Komwe kwakwera ndiye koyenera, ngakhale kutakhala kuti wofiira wapita kwakuda. Crossover za koyilo imodzi ndi kapasita imodzi mbali iliyonse nthawi zambiri zimafuna honi yotembenuzidwa chotero.

Ngati mbali zonse ziwiri zikuwerenga pafupifupi mofanana, vuto ndi mtunda. Driver ili kumbuyo kapena kutsogolo kwa koyilo ya wufa, ndipo pa 800 Hz kusiyana kwa masentimita 21, theka la funde, kumakwanira kufafaniza mawu. Honi ikakhala yongokhazika pamwamba pa bokosi monga pa A7, yambani ndi driver ili molunjika pamwamba pa koyilo ya wufa. Yesaninso mbali ziwiri zija, mulumikize mawaya mbali yotsika mawu, muzisuntha honi sentimita imodzi imodzi mpaka liwu litatsikitsitsa. Chongani pamenepo ndi pensulo, bwezerani mawaya mbali yoyenera, mumange mabawuti. Honi ikakhala yokhomerera kutsogolo kwa bokosi yosasunthika, njira yotsala ndi crossover yamagetsi yokhala ndi delay (yochedwetsa mawu a sipika imodzi) ndi ma ampulifaya awiri. Masentimita 34 aliwonse ndi milisekondi imodzi. Mukatero, ikani kapasita panjira ya driver yoiteteza ku kugunda kwa poyatsa ndi pozimitsa: 47 µF pa driver ya 8 ohm, 22 kapena 25 µF pa ya 16.